Alonda a Panjira ya Uthenga wa Makompyuta

Madzulo ena magetsi athima m'nyumba chifukwa mayunitsi atha. Mayi wa m'nyumbamo atenga lamya yake ya m'manja, alemba nambala ya mita, kuchuluka kwa ndalama zomwe afuna kugulira magetsi, kenaka nambala yake yachinsinsi. Pasanathe mphindi imodzi uthenga ufika wokhala ndi manambala 20. Iye awaloŵetsa m'mita, ndipo nyumba iŵalanso. Kwa mayiyo nkhani yathera pomwepo. Koma m'kanthaŵi kochepa kameneko makompyuta angapo, a eni osiyana ndiponso okhala m'nyumba zotalikirana, atumizirana mauthenga. Kompyuta ya kampani ya lamya yaona ngati ndalama zilimo, yauza kompyuta ya ogulitsa magetsi kuti mita yakuti yalipiridwa, ndipo iyo yabweza yankho. Palibe kalaliki amene waŵerenga mauthengaŵa, ndipo palibe munthu amene wadinda chidindo.

Pulogalamu imene imakhala pa kompyuta nkumadikira uthenga wochokera ku pulogalamu inzake kudzera pa intaneti, kuti ichite chimene yapemphedwa ndi kubweza yankho, m'Chingerezi imatchedwa web service. M'nkhani ino idzatchedwa pulogalamu yotumikira. Funso lomwe lakhala likusautsa olemba mapulogalamu otere kwa zaka zambiri ndi ili: poti panjira ya uthenga palibe munthu, kodi ndani adzaona kuti uthengawo wachokeradi kwa mwini ndalama, kuti sudasinthidwe panjira, ndi kuti mayi uja sadalipiritsidwe kaŵiri? Ndipo ntchito yoona zimenezi iyenera kuikidwa pati?

Ntchito ya mwini ndi ntchito ya onse

Pulogalamu yotumikira iliyonse ili ndi ntchito yakeyake. Ina imanena ndalama zotsala m'akaunti, ina imasamutsa ndalama, ina imagulitsa mayunitsi a magetsi, ina imalandira malipiro a madzi. Ntchito zimenezi nzosiyana, ndipo iliyonse ikhoza kulembedwa payokha ndi munthu woidziŵa bwino.

Komabe pali ntchito zina zomwe si za pulogalamu imodzi, koma zimafunika pa uthenga uliwonse, kaya ukhale wa magetsi, wa madzi kapena wa fizi ya mwana wasukulu. Uthenga uyenera kutsimikiziridwa kuti wachokera kwa yani. Uyenera kubisidwa m'zilembo zosamveka kuti wakuba wa panjira asauŵerenge, ndipo ukafika uyenera kumasulidwa. Uyenera kuonedwa ngati walembedwa motsata dongosolo logwirizana. Uyenera kulembedwa m'kaundula, kuti pakabuka mkangano pakhale umboni wa tsiku ndi nthaŵi. Uthenga umodzi ukafika kaŵiri, wachiŵiriwo uyenera kukanidwa. Ndipo wina akatumiza mauthenga zikwizikwi pakanthaŵi kochepa ndi cholinga cholemetsa kompyuta, ayenera kuletsedwa.

Aliyense amene adaonapo mphasa ikusokedwa akhoza kumvetsa kusiyana kwa ntchito ziŵirizi. Bango lililonse limagona palokha, pambali pa linzake. Koma chingwe chosokera chimayenda mopingasa, kupyoza bango lililonse kuyambira loyamba kufikira lomaliza. Chingwecho si cha bango limodzi, koma popanda icho palibe mphasa. Ntchito zokhudza uthenga uliwonse zili ngati chingwe chimenecho, ndipo nchifukwa chake akatswiri adazitcha crosscutting concerns, kutanthauza ntchito zopingasa.

Kumwazika ndi kupiringizana

Njira yapafupi, yomwe ambiri adayamba nayo, ndiyo yakuti wolemba pulogalamu iliyonse alembe yekha ntchito zopingasazo m'kati mwa pulogalamu yake. Poyamba zimaoneka zopanda vuto. Koma banki ikakhala ndi mapulogalamu otumikira 40, ndiye kuti malangizo otsimikiza mwini uthenga alembedwa malo 40, ndi anthu osiyana, m'zaka zosiyana. Tsiku lina pakatuluka lamulo latsopano lakuti kaundula azisunganso chinthu chakuti, malo onse 40 ayenera kufunidwa ndi kusinthidwa. Pakaiŵalika malo amodzi okha, pamenepo ndi pamene wakuba adzaloŵere, pakuti fisi safuna khola lonse kuti ligwe, amangofuna mpata umodzi. Ili ndilo vuto la kumwazika.

Vuto lachiŵiri ndi la kupiringizana. Munthu wofuna kuŵerenga pulogalamu yosamutsa ndalama kuti aone ngati masamu ake ngolondola, amapeza kuti mizere yonena za ndalama yasakanikirana ndi mizere ya kaundula, ya kubisa mawu ndi ya kuŵerenga nthaŵi. Pokonza chimodzi amaononga chinzake mosadziŵa.

Maganizo othetsera mavutoŵa ngakale kuposa mapulogalamu otumikira enieniwo. M'chaka cha 1972 David Parnas, wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, adalemba kuti pulogalamu yaikulu izigaŵidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chizibisa m'kati mwake chinthu chimodzi chomwe chingadzasinthe m'tsogolo, kotero kuti kusinthako kusamagwedeze zigawo zina. M'chaka cha 1974 Edsger Dijkstra, katswiri wa ku Netherlands, adalemba za ubwino wolekanitsa nkhani ndi kuganizira imodzi panthaŵi imodzi. Koma padapezeka kuti ntchito zina zimakana kukhala m'chigawo chimodzi, ngakhale pulogalamu igaŵidwe mwaluso chotani.

Amene adaunika bwino vutoli ndi Gregor Kiczales ndi anzake a ku malo ofufuzira a Xerox PARC, mumzinda wa Palo Alto ku California. M'chaka cha 1997 iwo adalongosola njira yolembera ntchito yopingasa pamalo amodzi, pamodzi ndi malangizo onena malo onse omwe iyenera kugwira, ndipo makina okha nkuiloŵetsa m'malo onsewo. Kuloŵetsako adakutcha ndi liwu la Chingerezi lotanthauza kuluka. Adapanganso chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa AspectJ, chowonjezera pa chiyankhulo cha Java. Pophunzitsa anthu ankaonetsa chithunzi cha pulogalamu yotchuka ya Tomcat: ntchito zina zidali zosonkhana bwino pamalo amodzi, koma mizere yolemba kaundula idali mbwee, m'zigawo zambirimbiri.

Envulopu ya uthenga

Mapulogalamu otumikira adali ndi mwaŵi umene mapulogalamu ena adalibe. Zonse zimene amachita zimayamba ndi uthenga woloŵa ndi kutha ndi uthenga wotuluka. Chotero pali njira imodzi yomwe chilichonse chiyenera kudutsamo, ndipo panjira pamenepo ndi pomwe ntchito zopingasa zingaikidwe, popanda kupita nazo m'kati mwa pulogalamu iliyonse.

Kuti zimenezi zitheke padafunika mgwirizano wa kalembedwe ka uthenga. M'chaka cha 1998 bungwe la W3C, lomwe limakhazikitsa malamulo a kalembedwe ka zinthu za pa intaneti, lidavomereza kalembedwe kotchedwa XML, momwe chidutswa chilichonse cha uthenga chimakhala ndi dzina lake poyambira ndi pothera. Pa maziko ameneŵa padamangidwa dongosolo lotchedwa SOAP, lomwe lidayambira ku kampani ya Microsoft. Mtundu wake wa 1.1 udatuluka m'chaka cha 2000, ndipo wa 1.2 udavomerezedwa ndi W3C mu Juni 2003.

Olemba dongosololi adatengera nzeru ku positi ofesi, ndipo ngakhale dzina lomwe adapatsa uthenga wonse ndi envulopu. M'kati mwa envulopu muli zigawo ziŵiri. Chigawo china ndi thupi, momwe muli pempho lenileni, monga lakuti ndalama zakuti zichoke uku zipite uko. Chigawo chinacho ndi mutu, momwe mumalembedwa zinthu zokhudza ulendo wa uthengawo: umboni wa amene watumiza, nambala ya uthenga, nthaŵi imene walembedwa ndi nthaŵi imene udzathere mphamvu. Ku positi ofesi kalaliki woona sitampa satsegula kalata. Wodinda chidindo cha tsiku sadziŵa ngati m'katimo muli nkhani ya maliro kapena ya ukwati. Wolemba kalata zolembetsa m'buku amangoona nambala ndi dzina. Aliyense amagwira ntchito yake pa envulopu, ndipo zam'kati zimadikira mwini wake. Momwemonso mutu wa uthenga ndi wa ntchito zopingasa, pamene thupi ndi la pulogalamu yotumikira.

M'chaka cha 2002 makampani a IBM, Microsoft ndi VeriSign adatulutsa malamulo otchedwa WS-Security, onena m'mene siginecha ya pakompyuta ndi mawu obisika ziyenera kuikidwira m'mutu wa uthenga, ndipo bungwe la OASIS lidawavomereza m'chaka cha 2004. Siginecha yotere ndi nambala yaitali yoŵerengedwa kuchokera ku mawu a uthengawo pamodzi ndi kiyi yachinsinsi ya wotumiza. Chilembo chimodzi chokha chikasinthidwa panjira, nambalayo siigwirizananso ndi uthenga, ndipo chinyengo chimaonekera.

Mzere wa alonda

Tsono ntchito iliyonse yopingasa imalembedwa ngati kapulogalamu kakang'ono kodziŵa chinthu chimodzi chokha. M'Chingerezi kamatchedwa handler kapena interceptor, koma ntchito yake ndi ya mlonda wa pachipata. Alondaŵa amaikidwa pamzere, wina pambuyo pa mnzake, pakati pa khomo la intaneti ndi pulogalamu yotumikira. Uthenga ukafika, mlonda woyamba alemba m'kaundula kuti nthaŵi yakuti kwafika uthenga. Wachiŵiri amasula mawu obisika. Wachitatu ayesa siginecha. Wachinayi aona ngati nambala ya uthengawo idafikapo kale. Wachisanu aona ngati thupi lalembedwa motsata dongosolo. Uthenga ukapyola onseŵa, ndi pamene umafika kwa mwini ntchito, yemwe tsopano sadandaulanso za akuba, koma amangoŵerengera ndalama basi.

Alonda salankhulana mwachindunji, ndipo wina sadziŵa dzina la mnzake. Chimene chimawagwirizanitsa ndi kathumba koyenda limodzi ndi uthenga, momwe aliyense angaikemo chidziŵitso. Mlonda woyesa siginecha akatsimikiza, amaikamo mawu akuti uthengawu ngwa wakuti, ndipo amene ali patsogolo amangoŵerenga m'kathumbamo. Chifukwa cha ichi mlonda mmodzi angachotsedwe ndi kuloŵedwa m'malo ndi wina popanda kukhudza anzake.

Mlonda aliyense ali ndi mphamvu ziŵiri: kulola uthenga kupitirira, kapena kuuimitsa. M'malamulo a JAX-WS, omwe olemba mapulogalamu m'chiyankhulo cha Java adayamba kutsata m'chaka cha 2006, mlonda akayankha kuti inde, uthenga umapita kwa wotsatira. Akayankha kuti ayi pa pempho loyembekeza yankho, uthenga umatembenuka ndi kubwerera kumene wachokera, osafika konse ku pulogalamu yotumikira. Pakachitika cholakwika pali uthenga wapadera wonena cholakwacho, ndipo alonda amakhala ndi malangizo ena a chochita nawo. Malamulo omwewo amasiyanitsa alonda amitundu iŵiri: ongoona pempho la m'thupi, ndi oona envulopu yonse ndi mutu womwe.

Yankho potuluka limadutsanso mwa alonda, koma mobwerera, kuyambira womaliza kufikira woyamba. Chifukwa chake nchosavuta. Munthu wotumiza phukusi amayamba wakulunga ndi pepala, kenaka nkumanga ndi chingwe. Wolandira amayamba wamasula chingwe, kenaka nkuchotsa pepala. Chomwe chidachitika pomaliza potumiza ndicho chiyenera kuchitika poyamba polandira. Wotumiza akasaina uthenga kenaka nkuubisa, wolandira ayenera kuumasula kaye ndipo pambuyo pake ayese siginecha.

Pulogalamu ya Axis, yomwe bungwe la Apache lidatulutsa kuti aliyense aigwiritse ntchito kwaulere, idagaŵa alonda m'magulu atatu. Ena ngoona njira yomwe uthenga wadzera, ena ngoona uthenga uliwonse, ndipo ena ngoikidwa pakhomo la pulogalamu imodzi yokha. Mndandanda wa alonda ndi malo awo umalembedwa m'kalata ya dongosolo, kunja kwa mapulogalamu enieniwo. Chotero banki ija ya mapulogalamu 40 ikalandira lamulo latsopano la kaundula, imakonza mlonda mmodzi, ndipo mapulogalamu onse amatsata lamulolo tsiku lomwelo.

Dongosolo la SOAP lili ndi lamulo linanso lanzeru. Wotumiza angaike chizindikiro pa chidutswa cha m'mutu chonena kuti chidutswachi chiyenera kumveka. Wolandira akakhala wopanda mlonda wodziŵa tanthauzo lake, saloledwa kungochidumpha ndi kupitiriza ntchito, koma ayenera kukana uthenga wonse ndi kubweza mawu onena chifukwa. Lamuloli limateteza wotumiza amene wadalira kuti uthenga wake uyesedwa, kuti asanyengedwe ndi wolandira amene sadauyese nkomwe.

Woyamba ndani, wotsatira ndani

Kukhala ndi alonda abwino sikokwanira ngati aimikidwa molakwika. Wolemba kaundula akaikidwa patsogolo pa womasula mawu obisika, amalemba zilembo zosamveka zomwe sizingathandize pa tsiku la mkangano. Akaikidwa pambuyo pake nkumalemba zonse zimene waona, amalemba ndi nambala zachinsinsi zomwe, ndipo kaundula amasanduka nkhokwe ya makiyi a anthu onse.

Zotere zidachitikadi. Mu Meyi 2018 kampani ya Twitter, yomwe idasintha dzina kukhala X m'chaka cha 2023, idalengeza kuti mawu achinsinsi a anthu ankalembedwa m'kaundula wa m'kati mwa kampaniyo ntchito yowabisa isanamalizike. Kampaniyo idati siidapeze umboni wakuti wina adawaba, komabe idalangiza anthu oposa 330 miliyoni kuti asinthe mawu awo achinsinsi. Njira yobisira idalipo ndipo idali yolimba, kaundula nayenso ankagwira ntchito yake. Chimene chidalakwika ndi chakuti kulemba kudatsogola, kubisa nkubwera pambuyo.

Palinso nkhani ya kulemera kwa ntchito. Kuyesa siginecha ndi kumasula mawu obisika kumadya mphamvu ya kompyuta, pamene kuona kukula kwa uthenga ndi ntchito yopepuka. Wanzeru amaika alonda a ntchito zopepuka patsogolo, kuti uthenga woonekeratu kuti ngwachabe ubwezedwe msanga usanatopetse ena.

Walira mvula walira matope

Kulekanitsa ntchito kuli ndi ngozi zake, ndipo yoyamba ndiyo yakuti mlonda ndi mwini ntchito angayang'ane zinthu ziŵiri zosiyana pamene akuganiza kuti akuona chimodzi. M'chaka cha 2005 ofufuza aŵiri a ku IBM, Michael McIntosh ndi Paula Austel, adachenjeza za chinyengo chotere. Siginecha siiloza malo a chidutswa chosainidwa, koma kaŵirikaŵiri imaloza dzina lake. Wakuba akagwira uthenga umodzi wosainidwa bwino, amatenga thupi lenilenilo ndi kulisamutsira pamalo obisika m'mutu wa envulopu, ndipo pamalo pake amaikapo thupi latsopano lokhala ndi pempho lake. Mlonda amafunafuna chidutswa cha dzina lija, amachipeza chili chosasinthika, ndipo amavomereza. Mwini ntchito amatsegula thupi lomwe lili pamalo ozoloŵereka, ndipo amachita chimene wakubayo walamula. Zili ngati mlonda wa pageti waona chidindo chenicheni pa chikalata chakale chomatidwa kumbuyo, pamene wosunga katundu waŵerenga chikalata chabodza chomwe chili pamwamba.

M'chaka cha 2011 ofufuza a pa yunivesite ya Ruhr mumzinda wa Bochum ku Germany adaonetsa kuti chinyengochi chidali chotheka pa mapulogalamu a SOAP omwe kampani ya Amazon inkagwiritsa ntchito pobwereketsa makompyuta ake, kotero kuti munthu akadatha kulamula makompyuta obwerekedwa ndi wina. Iwo adadziŵitsa kampaniyo ndipo mpatawo udatsekedwa. Phunziro lake lidali lakuti sikokwanira kuti mlonda angonena kuti zili bwino. Iye ayenera kupereka kwa mwini ntchito chidutswa chomwecho chimene wayesa, ndipo mwini ntchito asagwire china chilichonse.

Ngozi yachiŵiri njobadwa ndi ubwino womwe. Ngati kukonza pamalo amodzi kumakonza ponse, ndiye kuti kulakwa pamalo amodzi kumalakwitsanso ponse. Akuluakulu adati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Mu Disembala 2021 dziko lidadzidzimuka ndi cholakwika chomwe chidapezeka mu Log4j, pulogalamu yolembera kaundula yomwe panthaŵiyo inkasamalidwa ndi anthu ochepa ongodzipereka a bungwe la Apache, koma imagwiritsidwa ntchito m'mapulogalamu osaŵerengeka a Java. Cholakwikacho chidaloŵa m'chaka cha 2013 ndipo chidakhala zaka 8 osadziŵika kwa anthu ambiri, mpaka katswiri wa kampani ya Alibaba ya ku China atachiulula kwa eni ake mu Novembala 2021. Wolemba kaundulayo akapatsidwa mawu olembedwa mwanjira ina yake, sankangowalemba, koma ankawamvera ngati lamulo, nkupita kukatenga malangizo ku kompyuta ya mlendo ndi kuwachita. Poti kaundula amalemba chilichonse choloŵa, wakuba ankangofunika kutumiza mawuwo m'malo alionse olembapo, ngakhale pamalo ochezerana a maseŵero a Minecraft. Pamuyeso wa kuopsa kwa zolakwika zotere, womwe umathera pa 10, ichi chidapatsidwa 10.

Komabe ngakhale pamenepa kusonkhanitsa ntchito kudaonetsa phindu lake. Amene ankadziŵa pomwe wolemba kaundula wawo ali, adamusintha msanga mtundu wokonzedwa utatuluka. Amene adavutika kwa milungu ndi miyezi ndi aja omwe Log4j idali yobisika m'mapulogalamu ambirimbiri, ndipo iwo eni sankadziŵa kuti ili pati ndi pati.

Zimene mlonda sangadziŵe

Pali chiyeso chakuti poti alonda ngothandiza, ntchito iliyonse ipatsidwe kwa iwo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Mlonda angatsimikize kuti uthenga wachokera kwa wakuti, koma kudziŵa ngati akaunti yotchulidwa m'thupi ndi yakedi, kapena ngati wapyola malire a ndalama zololedwa patsiku, ndi nkhani yofuna mabuku a mwini ntchito. Mlonda akayamba kutsegula thupi ndi kuŵerengera ndalama, wasiya kukhala chingwe chopingasa ndipo wasanduka bango, ndipo kupiringizana kuja kwabwereranso, kungoti kwasamukira pachipata. Kumbali ina, mwini ntchito akaganiza kuti zonse zaonedwa kale pachipata, munthu woloŵa ndi dzina lake lenileni akhoza kuona akaunti ya mnzake pongosintha nambala imodzi m'pempho.

Muyeso wabwino ngwakuti ntchito imene ingalongosoledwe popanda kutchula magetsi, madzi kapena ndalama, ndi ya mlonda. Imene siingalongosoledwe popanda kuzitchula, ndi ya mwini ntchito.

Vuto lina ndi la kusaoneka. Munthu woŵerenga pulogalamu yotumikira saona alonda m'mizere yake, pakuti adalembedwa kwina. Uthenga ukasoŵa panjira, iye akhoza kutha tsiku lonse akufufuza m'pulogalamu yosalakwa, pamene udabwezedwa ndi mlonda wachitatu. Nchifukwa chake mndandanda wa alonda uyenera kukhala pamalo amodzi oŵerengeka, mlonda wokana uthenga azilemba chifukwa chake, ndipo uthenga uliwonse uzipatsidwa nambala imodzi yoyenda nawo m'makompyuta onse, kuti mapazi ake azilondoleka.

Maina atsopano, nzeru yomweyo

Dongosolo la SOAP lidakali m'mabanki ndi m'maofesi a maboma ambiri, koma mapulogalamu otumikira ambiri atsopano amatsata njira yopepuka yotchedwa REST, yomwe Roy Fielding adailongosola m'chaka cha 2000, ndipo mauthenga awo amalembedwa m'kalembedwe kachidule ka JSON. Envulopu ija idachoka, koma alonda sadachoke. M'mapulogalamu ena amatchedwa middleware, mwina filter. Makampani ena amawasonkhanitsa onse pa kompyuta imodzi ya pakhomo yotchedwa gateway, yomwe uthenga uliwonse wochokera kunja umayamba wafikako. Ena adawatulutsiratu m'pulogalamu ndi kuwaika m'kapulogalamu kapadera koima pambali pa pulogalamu yotumikira iliyonse. Pulogalamu ya Envoy, yomwe kampani ya Lyft idapereka kwa anthu onse m'chaka cha 2016, ndi ya Istio, yomwe idatuluka m'chaka cha 2017 mogwirizana ndi Google ndi IBM, zidamangidwa pa ganizo limeneli. Ubwino wake ngwakuti mlonda mmodzi angatumikire mapulogalamu olembedwa m'ziyankhulo zosiyana za kompyuta.

Mayi uja wogula magetsi sadzamva maina ameneŵa, ndipo palibe chifukwa chakuti awamve. Koma tsiku lina netiweki ikadzadukiza pakati pa ulendo, kompyuta nkutumizanso pempho lake kachiŵiri, chomwe chidzaletse kuti ndalama zake zichotsedwe kaŵiri ndi mlonda woona nambala ya uthenga. Ndalama zikadzachoka koma mayunitsi osafika, chomwe chidzamuimire umboni ku ofesi ndi kaundula wolembedwa mokwanira ndi pa nthaŵi yake. Ndipo nambala yake yachinsinsi idzakhalabe yake yokha ngati wolemba kaundulayo adaimikidwa pamalo oyenera ndi kuuzidwa zomwe sayenera kulemba. Pogula mphasa, wodziŵa amaitembenuza kuti aone kasokedwe ka chingwe, pakuti bango likathyoka limodzi mphasa imagonekabe, koma chingwe chikaduka yonse imamwazika.